Zining'a za Chitchaina: Ndinayamikira Aphunzitsi, Kalasi Yonse N'kuseka

Funso: Ndili m'chaka chachiwiri pa yunivesite ina ku Wuhan, ku China, ndipo mayeso a Chitchaina a HSK 4 ndinakhoza. Ndinagula buku la chéngyǔ, zining'a za Chitchaina, ndimaloweza khumi pa tsiku, koma ikatha sabata zonse zauluka. Tsiku lina aphunzitsi atamaliza kutsegulira zokambirana ndinafuna kuwayamikira, ndiye ndinati zimene anenazo ndi pāo zhuān yǐn yù. Anzanga anafa nalo phwete, aphunzitsiwo anangomwetulira. Ndinalakwa pati? Kodi chéngyǔ si miyambi ngati yathu yomweyi? Ndipo munthu aloweze zingati kuti azimveka wodziwa chilankhulo?

Yankho: Aphunzitsi anuwo ndi munthu woleza mtima, chifukwa munawauza pamaso pa ana awo kuti zimene alankhula ndi njerwa. Pāo zhuān yǐn yù (抛砖引玉) ndi zilembo zinayi: kuponya, njerwa, kukopa, ndi yù, mwala wa mtengo wapatali umene Atchaina amaulemekeza kwambiri. Munthu amene wayamba kulankhula pamsonkhano amati wǒ xiān pāo zhuān yǐn yù, kutanthauza kuti ndiyambe ine kuponya kanjerwa kanga kuti inu mutulutse miyala yanu ya mtengo wapatali. Ndi mawu odzichepetsa, ndipo mwini wake yekha ndiye amadzinenera. Mukawalozetsa kwa wina asanduka chipongwe, ndipo anzanu anaseka chifukwa njerwa munapatsa aphunzitsi, mwala wa mtengo wapataliwo n'kudzisungira nokha. Chimene mumafuna kunena chilipo, ndi shòu yì fěi qiǎn (受益匪浅), ndapindula kwambiri. Chimenecho muwauze ulendo wina, adzakondwa.

Buku lanulo silinakunamizeni tanthauzo. Linangosiya kukuuzani kuti chining'acho chimaloza kwa ndani, ndipo pa chéngyǔ mfundo imeneyi ndi yolemera mofanana ndi tanthauzo lenilenilo. Chinzake ndi bān mén nòng fǔ (班门弄斧), kuseweretsa nkhwangwa pakhomo pa Lu Ban, mmisiri wakale amene akalipentala a ku China amamuyesa kholo la ntchito yawo. Mukadzinenera nokha pamaso pa katswiri, mwapereka ulemu. Mukanenera mnzanu, mwamuuza kuti akudzionetsera pamaso pa odziwa kuposa iye.

Za miyambi, ayi, sizofanana kwenikweni, ndipo kusokoneza ziwirizi ndi kumene kumachititsa ophunzira athu ambiri kuziika pamalo olakwika. Mwambi wathu umaima pawokha ngati chiganizo chathunthu, mkulu amaunena n'kukhala chete, nkhani yatha. Atchaina nawonso ali nayo miyambi yotere, amaitcha yànyǔ. Ali ndi xiēhòuyǔ, imene imakhala ngati ndagi: umanena theka loyamba, womvera amadziwa yekha lotsalalo, monga kutunga madzi ndi dengu la nsungwi, yankho lake n'kuti palibe chimene waphula. Alinso ndi timawu ta mumsewu totchedwa guànyòngyǔ, kawirikawiri ta zilembo zitatu, monga pāi mǎpì, kusisita thako la hatchi, kutanthauza kunyengerera bwana. Chéngyǔ ndi gulu lina. Zambiri zimakhala ndi zilembo zinayi, zinaumbidwa m'Chitchaina cholembedwa chakale chotchedwa wényán, ndipo m'chiganizo zimagwira ntchito ngati liwu limodzi, nthawi zina mneni, nthawi zina mfotokozi, nthawi zina dzina. N'chifukwa chake ine ndimazitcha zining'a. Ganizirani munthu akamva kuti mnzake wasiya ntchito yabwino pothamangira ziwiri n'kuziphonya zonse, n'kungoti "wagwa chagada." Sanatchule pusi, sananene kuti ichi chakoma ichi chakoma, koma aliyense wakwathu waiona nthambi ija. Chéngyǔ zambiri zimagwira ntchito choncho, nthano yonse yapindidwa n'kutsala mawu anayi.

Apa ndiye pali chifukwa chimene khumi anu a pa tsiku aja akuulukira. Mukuloweza zopindazo musanazitambasule.

Tiyeni titambasule chimodzi. Huà shé tiān zú (画蛇添足), kujambula njoka n'kuiwonjezera miyendo. M'dziko la Chu munthu wina atamaliza kupereka nsembe anapatsa antchito ake chikho chimodzi cha mowa. Iwo anaona kuti kugawana onse sukwanira, koma kwa munthu mmodzi ndi wambiri. Anapangana kuti aliyense ajambule njoka pansi, woyamba kumaliza amwe. Wina anamaliza msanga, anatenga chikhocho ndi dzanja lamanzere, n'kuona anzake adakali kujambula. Anati ine nditha kuipatsanso miyendo, n'kupitiriza ndi dzanja lamanja. Miyendo isanathe mnzake anamaliza njoka yake, anamulanda chikho n'kunena kuti njoka ilibe miyendo, iwe ukuipatsa bwanji? Anamwa mowawo. Nthanoyi ili m'buku la Zhanguo Ce, limene Liu Xiang analisonkhanitsa m'nthawi ya ufumu wa Han, ndipo mmenemo siinenedwa pocheza. Anainena ndi Chen Zhen, nthumwi ya dziko la Qi, pouza Zhao Yang, mkulu wa asilikali a Chu amene anali atangogonjetsa dziko la Wei ndipo ankafuna kupitirira kukathira nkhondo Qi. Chen Zhen anamuuza kuti ulemu umene wapeza kale wakwana, palibenso udindo woposa umene mfumu ingamuwonjezere, nkhondo ina ingokhala miyendo ya njoka. Zhao Yang anabwerera kwawo. Lero mphunzitsi akakulemberani mawu amenewa pambali pa ndime yomaliza ya chimangirizo chanu, akutanthauza kuti munali mutamaliza kale, ndime imeneyo yawononga. Mukaiona nthanoyi m'maso kamodzi, dzanja lina lagwira chikho lina likujambula, zilembo zinayizo sizikuthawaninso.

Shǒu zhū dài tù (守株待兔), kulondera chitsa podikira kalulu, ndi cha Han Fei, mlembi wa nkhani za ulamuliro amene anamwalira mu 233 BC. Mlimi wa ku Song anaona kalulu akuthamanga n'kuwomba chitsa m'munda, khosi thyo. Mlimi uja anataya khasu n'kumakhala pachitsapo kudikira kalulu wachiwiri, amene sanabwere, ndipo dziko lonse linamuseka. Ana a sukulu amaphunzitsidwa kuti nkhaniyi ikudzudzula ulesi ndi kudalira mwayi, ndipo masiku ano imagwira ntchito choncho, ngakhale Han Fei mwini ankaseka anthu ofuna kulamulira dziko la lero ndi njira za mafumu akale. Mudzaona kuti anthu a ku Song amavutika m'nthanozi. Amene anakoka mbewu zake m'mwamba kuti zikule msanga mpaka zinauma, mu bá miáo zhù zhǎng, analinso wa ku Song. Ambiri amati ankasekedwa chifukwa mafumu a Song anali zidzukulu za ufumu wa Shang umene unagonjetsedwa. Han Fei yemweyo ndiye anasimbanso za wamalonda amene ankatamanda chishango chake kuti palibe chingachiboole, n'kutamandanso mkondo wake kuti palibe chimene sungaboole, mpaka wina anamufunsa kuti nanga mkondo wakowo ukalasa chishango chakocho? Liwu la masiku onse la kusagwirizana kwa mfundo, máodùn, ndi mkondo ndi chishango basi. Mwina mwakhala mukuligwiritsa ntchito osadziwa.

Zina si nthano zopeka, ndi mbiri, ndipo zimenezi ndimalangiza kuti muziziphunzira m'mabanja. Tengani zaka zochepa za kugwa kwa ufumu wa Qin monga anazilembera Sima Qian m'buku la Shiji. Mu 207 BC nduna yaikulu Zhao Gao inabweretsa gwape pamaso pa mfumu yachiwiri ya Qin n'kunena kuti iyi ndi hatchi. Mfumu inaseka, inafunsa nduna zina, ndipo ena anangoti chete, ena anavomera kuti ndi hatchi, ena anati ndi gwape. Amene anati gwape aja Zhao Gao anathana nawo pambuyo pake. Apo pachoka zhǐ lù wéi mǎ (指鹿为马), kuloza gwape n'kuti ndi hatchi, bodza la munthu wamphamvu limene aliyense akuliona koma akuopa kulitsutsa. Nthawi yomweyo Xiang Yu, mkulu wa asilikali a Chu, popita kukamenyana ndi asilikali a Qin ku Julu, atawoloka mtsinje analamula kuti mabwato amizidwe, miphika iphwanyidwe, aliyense atenge kamba wa masiku atatu okha. Anapambana, ndipo pò fǔ chén zhōu (破釜沉舟) ndi kutsimikiza mtima kotseka njira yobwerera. Pofika 202 BC Xiang Yu yemweyo anazingidwa ku Gaixia ndi asilikali a Liu Bang, amene ankalimbirana naye ufumu, ndipo usiku anamva nyimbo za kwawo ku Chu zikuimbidwa mbali zonse za msasa wa adani, n'kuganiza kuti dziko lake lonse lagwa kale. Sì miàn Chǔ gē (四面楚歌), nyimbo za Chu mbali zinayi, amanenera kampani kapena wandale amene wathawidwa ndi onse. Zining'a zitatu, anthu ochepa, zaka zosapitirira zisanu ndi chimodzi. Madzulo amodzi owerenga mbiri imeneyi amaposa sabata yoloweza mndandanda woyenda ndi afabeti.

Musandimve ngati ndikuti nthano ndiyo tanthauzo. Nthawi zina chining'a chinasiya nthano yake panjira. Zhāo sān mù sì (朝三暮四), m'mawa zitatu madzulo zinayi, chimachokera kwa munthu woweta anyani amene chakudya chitachepa anawauza kuti azilandira zipatso zitatu m'mawa, zinayi madzulo. Anyani anakwiya. Iye anati chabwino, zinayi m'mawa, zitatu madzulo, anyani n'kukondwa. Kwa Zhuangzi, wanzeru wakale amene anaisimba, nkhaniyi inali ya kupusitsidwa ndi maonekedwe pomwe chiwerengero sichinasinthe. Lero Mtchaina akanena mawuwa akunena munthu wosakhazikika, wosinthasintha maganizo, makamaka pa chikondi. Onaninso kuti chilembo choyambacho pano chimatchulidwa zhāo, m'mawa, osati cháo monga munachiphunzirira poyamba. Zilembo za matchulidwe awiri zadzaza mu chéngyǔ.

Eni ake nawonso amapunthwa, zimenezi zikulimbitseni mtima. Qī yuè liú huǒ (七月流火) ambiri amalemba pofuna kunena kutentha kwa Julaye chifukwa akuona mwezi wachisanu ndi chiwiri ndi chilembo cha moto. Koma m'ndakatulo yakale ya m'buku la Shijing, mmene mawuwa achokera, moto umenewo ndi nyenyezi, imene ena amaitcha Antares, ikupendekera kumadzulo pa kalendala yakale, chizindikiro chakuti kunja kwayamba kuzizira. Chā qiáng rén yì (差强人意) ambiri amayesa kuti ndi zosakhutiritsa, pamene tanthauzo lake ndi lakuti ziliko bwino ndithu, munthu angakhutire nazo. Ndipo mu 2006 Chen Shui-bian, ali mtsogoleri wa Taiwan, poyamikira anthu ogwira ntchito mongodzipereka anati zimene achita ndi qìng zhú nán shū (罄竹难书), kuti ngakhale utadula nsungwi zonse sungazilembe n'kuzimaliza. Kale ankalemba pa timizere ta nsungwi, ndiye chithunzicho n'chabwino. Vuto n'lakuti mawuwa anthu amawanenera milandu ndi zoipa za munthu wankhanza. Manyuzipepala anamudya.

Aphunzitsi a Chitchaina amagawa mawu oterewa patatu: bāoyì otamanda, biǎnyì onyoza, ndi zhōngxìng osakondera mbali. Madikishonale abwino amalemba zimenezi, ndipo ngati lanu sililemba, mugule lina. Kusiyana kwake kumatha kukhala chilembo chimodzi. Wú wēi bù zhì (无微不至) ndi chisamaliro chofika ngakhale pa kanthu kakang'ono, mungathokoze nacho banja limene linakusungani. Wú suǒ bù zhì (无所不至) kawirikawiri chimanena munthu amene palibe choipa chimene angachisiye.

Pali ntchito ina yaing'ono imene imabweza zambiri, ndiyo kuphunzira matanthauzo akale a zilembo zimene mukuyesa kuti mumazidziwa. Mu wáng yáng bǔ láo (亡羊补牢), wáng sakutanthauza kufa, akutanthauza kusowa, ndipo láo ndi khola, osati ndende: nkhosa yasowa, konza khola, sunachedwe. Mu zǒu mǎ guān huā, kuona maluwa uli pa hatchi, zǒu ndi kuthamanga, pomwe m'kalasi munaphunzira kuti ndi kuyenda. Mu fù tāng dǎo huǒ, kulowa m'madzi owira ndi kuponda moto, tāng ndi madzi owira, osati msuzi wa ku kantini. Fěi wa m'mawu othokoza aphunzitsi aja amatanthauza "si", ngakhale masiku ano chilembocho chimanena chigawenga. Zilembo zotere si zambiri, zimabwerabwera, ndipo mukazizolowera pamodzi ndi timawu ta Chitchaina chakale ngati zhī, ér ndi qí mudzayamba kuganizira tanthauzo la chining'a chimene simunachionepo n'kulasa.

Tsopano funso la chiwerengero. Madikishonale akuluakulu ali ndi chéngyǔ masauzande ambirimbiri, ndipo palibe Mtchaina amene amazidziwa zonse. Muyenera kusiyanitsa zimene mumazimva ndi zimene mumazilankhula. Zomva zichuluke mmene zingathere, chifukwa nyuzipepala, zolankhula za atsogoleri ndi mayeso a HSK 5 ndi 6 zidzakuponyerani zambiri. Zolankhula, maganizo anga ndi akuti pa msinkhu wanuwu makumi atatu kapena anayi ogwiritsidwa ntchito pamalo pake ndi okwanira chaka chonse. Ndipo zambiri mwa zimenezo zisakhale za nthano. Mabuku a alendo amakonda nthano chifukwa zimakoma kusimba, koma mvetserani anzanu ku hositelo. Chipinda chili luàn qī bā zāo (乱七八糟), mbwerekete. Wakwiya mò míng qí miào (莫名其妙), popanda chifukwa chomveka. Ana awiriwa ndi yī mú yī yàng, ofanana ndendende, ndipo apa ndi mú, osati mó. Ku siteshoni ya sitima ya Hankou ku Wuhan nthawi ya Chaka Chatsopano kuli rén shān rén hǎi, phiri la anthu, nyanja ya anthu. Wayamba kosi n'kuisiya panjira, bàn tú ér fèi. Zimenezi mudzazimva kangapo pa sabata, pomwe za gwape wa Zhao Gao mungathe miyezi musanazimve pakamwa pa munthu.

Njira yake ndi yosavuta kuinena. Musatenge chining'a m'buku n'kumachifunira malo. Chitengeni pamene mwachipeza, m'nkhani, m'filimu, mu uthenga wa pa WeChat, ndipo mukopere chiganizo chonse. Pansi pake lembani kuti ananena ndani, amauza ndani, ndipo kunali kutamanda kapena kunyoza. Ngati mumagwiritsa ntchito makadi oloweza a pa foni, a mu Anki kapena mu Pleco, kutsogolo kwa khadi kukhale chiganizo chokhala ndi mpata, osati zilembo zinayi zili zokha. Chiganizocho ndi chimene chidzakuphunzitseni kuti zambiri sizilola dzina la chinthu kapena la munthu kubwera pambuyo pake monga mneni wamba, kuti zina zimafuna kaliwu kakuti de zisanafike pa mneni, monga tā mò míng qí miào de shēngqì le (wakwiya popanda chifukwa chomveka), ndiponso kuti dongosolo la zilembo silisunthidwa. Mtima ukamagunda ndi nkhawa ndi qī shàng bā xià, zisanu ndi ziwiri m'mwamba, zisanu ndi zitatu pansi. Mukatembenuza manambalawo palibe adzakumveni.

Kwa nthano, pitani ku shopu ya mabuku kumbali ya ana mukafunse chéngyǔ gùshi, nthano za zining'a. Ndi timabuku ta zithunzi tokhala ndi pinyin, matchulidwe olembedwa m'afabeti, pamwamba pa chilembo chilichonse, nkhani iliyonse tsamba limodzi kapena awiri, Chitchaina chake cha msinkhu wanu. Musachite manyazi pa kauntala, wogulitsayo aziyesa kuti mukugulira mwana. Masewera a jiēlóng, amene wina amayamba chining'a ndi chilembo chimene mnzake wamalizira, ndi okoma pocheza ndipo anzanu adzakuphunzitsani mukawapempha, koma amangokuzolowetsani maonekedwe, sakuuzani pogwiritsa ntchito. Mpikisano wa chéngyǔ umene wailesi yakanema ya boma ya CCTV inayamba kuonetsa mu 2014 uli pa intaneti, ndipo ubwino wake ndi wakuti opikisana amafotokozera anzawo tanthauzo m'mawu wamba kuti alase chining'acho, ndiye mumamva mmene Mtchaina amachimasulira kwa Mtchaina mnzake.

Mukapeza mnzanu wa komweko woti muzimufunsa, musamamufunse tanthauzo, limenelo foni ikuuzani. Mufunseni kuti, kodi mawu awa ungawanene kwa bwana wako? Kwa agogo ako? Kodi ukuwalankhula kapena umangowalemba? Duì niú tán qín (对牛弹琴), kuimbira ng'ombe zeze, ophunzira amakonda chifukwa n'choseketsa, koma amene mwamunenayo mwamutcha ng'ombe. Sài wēng shī mǎ (塞翁失马), nkhalamba ya kumalire imene hatchi yake inathawa n'kubwera ndi inzake, mwana wake n'kuthyoka mwendo pa hatchiyo, kenako n'kupulumuka ku nkhondo chifukwa cha kulumalako, ndi mawu abwino kwa mnzanu amene waphonya ntchito. Kwa munthu amene waferedwa musayerekeze. Pamenepo pali mawu ake, jié āi shùn biàn (节哀顺变), ofanana ndi kupepesa kwathu pa siwa.

Mawu a pa zochitika oterewa ndi amene mungayambe kuwagwiritsa ntchito mawa lomwe popanda mantha, chifukwa malo ake ndi odziwika ndipo aliyense amawayembekezera. Pa Chaka Chatsopano, wàn shì rú yì, zonse ziyende monga mwa kufuna kwanu. Pa ukwati, bǎi nián hǎo hé kapena bái tóu xié lǎo, mukalambe limodzi mpaka imvi. Kwa wodwala, zǎo rì kāng fù, muchire msanga. Kwa wa paulendo mudzamva yī lù shùn fēng, mphepo ikukankheni njira yonse, mawu a nthawi ya ngalawa za matanga. Ena safuna kuuzidwa zimenezi akamakwera ndege, chifukwa ndege imanyamuka ndi kutera moyang'anana ndi mphepo, ndiye mukaperekeza munthu ku bwalo la ndege la Tianhe ku Wuhan munene yī lù píng ān, mtendere njira yonse.